Mmene mungakonzere masipuling'i ndi mashoko a pikiapu ya dizilo yogula kwa wina

Pikiapu ya dizilo yomwe yayenda kale makilomita 200,000 imatha kukhala ndi injini yolira bwino, koma kunsi kwake kutatheratu. Ambiri tikamagula Toyota Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody kapena Ford Ranger, kaya yalowa pa Mwanza kuchokera ku South Africa, kaya pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam, timatchera khutu ku injini ndi kuyang'ana utsi, pomwe masipuling'i, mashoko ndi mabushu (malabala a m'malumikizano a zitsulo), omwe akhala akusenza katundu wa mwini woyamba zaka zonsezo, sitiwasuzumira n'komwe. Malangizo awa akutsata ndondomeko imodzi imene ndimaiumirira: yambani mwabwezeretsa galimoto mmene inalili pochoka ku fakitale, ndipo zoikweza kapena zoiumitsa zibwere pambuyo. Mashoko odula oikidwa pa mabushu ong'ambika sasintha kayendedwe ka galimoto, ndipo iwo omwe amatha msanga.

Gawo 1: Dziwani chomwe chili kunsi kwa galimoto yanu

Kumbuyo, pafupifupi mapikiapu onsewa amakhala pa zitsulo zazitali zosanjikizana zomwe amakaniko amazitcha leaf spring. Kutsogolo ndi komwe amasiyana. Hilux ya magiya a matayala onse anayi yopangidwa kuyambira 1997 mpaka 2005, Nissan Hardbody, Isuzu KB yakale ndi Ranger ya chaka cha 2011 chisanafike zimagwiritsa ntchito torsion bar, mtengo wachitsulo wogona motsatira chesisi, womwe umapotoka galimoto ikagunda bampu. Hilux ya 2005 kupita mtsogolo, kuphatikizapo ya injini za D-4D za malita 2.5 ndi 3.0, ili ndi sipuling'i yozungulira yomwe yavekedwa pa shoko, ndipo Ranger ya kuyambira 2011 ndi chimodzimodzi. Lembani nambala ya chesisi papepala ndipo muzipita nayo kogula zipangizo, chifukwa sipuling'i yakutsogolo ya galimoto ya petulo imatha kulowa bwinobwino pa ya dizilo, koma injini ya dizilo ndi yolemera ndipo mphuno ya galimoto idzagwa m'miyezi yochepa.

Gawo 2: Yezani musanamasule bawuti iliyonse

Imikani galimoto pa simenti pathyathyathya, mutsitse katundu yense, ndipo mupope matayala motsatira kapepala komatidwa pa chitseko cha dalaivala. Ndi tepi, yezani kuchokera pakatikati pa habu (chitsulo chomwe tayala limamangidwapo) mpaka m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayala, pa matayala onse anayi, ndi kulemba zomwe mwapeza. Timayeza kuchokera pa habu osati pansi pofuna kuti kukula kwa tayala kusasokoneze chiwerengero. Mbali yakumanzere ndi yakumanja zikasiyana ndi mamilimita oposa 15 kapena 20, pali sipuling'i yomwe yatopa kapena yathyoka. Pikiapu yopanda katundu imayenera kukhala yokwera pang'ono kumbuyo kusiyana ndi kutsogolo. Ikakhala yofanana kapena yogwa kumbuyo isanasenze kanthu, masipuling'i akumbuyo afooka.

Muli pomwepo, sisitani matayala ndi chikhatho. Tayala lodyeka mbali imodzi likunena za alayimenti (kuwongoka kwa matayala) kapena za ball joint (mfundo yozungulira yomwe tayala limakhoterapo) yomasuka, pamene lodyeka mwa zigambazigamba, pena pokwera pena potsika, likunena za shoko yomwe yaleka kugwira, moti tayala likungodumphadumpha pa msewu.

Gawo 3: Kutsogolo

Ikani miyala kapena matabwa kumatayala akumbuyo, kwezani kutsogolo ndi jeke, kenaka muike zochirikiza zachitsulo pansi pa chesisi. Jeke yokha si yoti munthu alowe pansi pake, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza.

Gwirani tayala pamwamba ndi pansi ndipo muligwedeze. Likamagogoda, vuto lili pa bering'i ya habu kapena pa ball joint. Mnzanu akaponda buleki kugogodako n'kusiya, ndi bering'i. Kukapitirira, ndi ball joint. Gwiraninso tayala kumanzere ndi kumanja, muligwedeze, uku mnzanu akuyang'ana zitsulo zolumikiza chiwongolero ku matayala: tie rod end ndi rack end, kapena idler arm ndi pitman arm pa galimoto zakale za bokosi la chiwongolero. Pa Hilux ya 2005 kupita mtsogolo, sipuling'i imatsamira pa mkono wapansi (chitsulo cholumikiza tayala ku chesisi), choncho ball joint yapansi ndi yomwe imasenza kulemera kwa galimoto, ndipo kuti muione bwino muyenera kuika jeke pansi pa mkonowo, kukweza pang'ono, ndi kutukula tayala ndi chitsulo chachitali cholowetsa pansi pake. Ball joint imeneyi ndi chipangizo chomwe sindilola kuti munthu azengereze nacho, chifukwa ikazuka tayala limapindikira pansi pa galimoto, ndipo izi zikachitika pa liwiro la pa M1 dalaivala alibe chochita. Ngati labala wake wang'ambika ndipo girizi watuluka, fumbi lalowa kale. Isintheni ngakhale isanayambe kugogoda, ndipo musinthe mbali zonse ziwiri.

Yang'anani mabushu a mikono yapamwamba ndi yapansi ndi tochi. Ming'alu ing'onoing'ono ya pamwamba pa labala ndi ukalamba chabe, koma labala wolekana ndi chitsulo chake, kapena mkono womwe ukusuntha mukaukankha ndi chitsulo, ndiye kuti bushu yatha. Tizitsulo tolumikiza stabiliser bar (chitsulo chopingasa choletsa galimoto kupendama pokhota) ndi totchipa ndipo nthawi zambiri ndi tomwe timachititsa phokoso la "gudu-gudu" pa msewu wa fumbi, choncho yambani mwatiyang'ana musanakhulupirire kuti pafunika ntchito yaikulu. Pa galimoto ya magiya a matayala anayi, onaninso malabala a CV joint (mfundo za pa zitsulo zozunguza matayala akutsogolo).

Gawo 4: Kumbuyo, komwe kuli nkhani yaikulu

Kumbuyo ndi komwe pikiapu imalembapo mbiri ya ntchito yomwe yagwira. Tsukani matope onse ndi madzi amphamvu, chifukwa chitsulo chothyoka chimabisala m'dothi louma, kenaka muyang'ane chitsulo chilichonse cha sipuling'i kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Mng'alu umakonda kuyambira pafupi ndi ma U-bolt (mabawuti opindika ngati U omanga sipuling'i ku ekiselo) kapena pa diso la chitsulo chachikulu chapamwamba, ndipo umaoneka ngati kamzere kofiirira ka dzimbiri kodutsa chopingasa. Sipuling'i yabwino imakhala yopindika ngati uta galimoto ikakhala yopanda katundu. Yowongoka, kapena yopindikira mbali inayo, yatha ntchito. Yang'ananinso labala woletsa kugunda yemwe ali pa chesisi pamwamba pa ekiselo. Pamalo pomwe amagunda pakakhala ponyezimira, popanda fumbi kapena dzimbiri, galimoto yakhala ikufika pansi kawirikawiri, ndipo labalayo akakhala kuti palibe, chitsulo chakhala chikumenya chitsulo chinzake, zomwe zikufuna kuti muyang'anitsitse chesisi pamalopo ngati ilibe mng'alu.

Pakati pa sipuling'i pali bawuti yaing'ono yomwe imamanga zitsulo zonse pamodzi, ndipo mutu wake umalowa m'kabowo ka pa ekiselo kuti ekiseloyo isasunthe. Ma U-bolt akamasuka, bawuti imeneyi imadulika, ekiselo n'kusendera kumbuyo mbali imodzi, ndipo galimoto imayamba kuyenda cham'mbali ngati nkhanu, chiwongolero chili chopendekera. Mukayeza mtunda wa pakati pa habu yakutsogolo ndi yakumbuyo mbali zonse ziwiri n'kupeza kuti ukusiyana, yambirani pamenepa. Dzimbiri lofiira ngati fumbi lotuluka pakati pa zitsulo pafupi ndi ma U-bolt ndi chizindikiro choti pali kusuntha.

Pali njira ziwiri zomwe zafala m'magalaja athu zomwe ndiyenera kunenapo mosapita m'mbali. Yoyamba ndi kuwotcherera chitsulo chothyoka. Chitsulo cha sipuling'i chinaumitsidwa ndi moto mwa njira yake ku fakitale, ndipo moto wowotcherera umaononga kuuma kumeneko, moti chimathyokanso m'mbali mwa pomwe mwawotcherera, kawirikawiri galimoto ili ndi katundu. Zikathyoka muli kutali, mangani zitsulozo mwamphamvu kuti mukafike pomwe pali thandizo mukuyenda pang'onopang'ono, koma chothyokacho chisinthidwe. Yachiwiri ndi kukhoma zitsulo zotopa ndi hamala kapena kuzipinda pa makina kuti zibwerere pa uta. Galimoto imakweradi tsiku limenelo, ndipo kwa munthu amene ndalama zamuthina njirayi imagula nthawi, koma chitsulo chotopa sichipezanso mphamvu chifukwa chopindidwa, ndipo chimagwanso. Ndalama zikalola, gulani masipuling'i atsopano a mbali zonse ziwiri.

Mabushu a m'maso a sipuling'i ndi a pa shackle (kachitsulo kolendewera kolumikiza mapeto a sipuling'i ku chesisi) asinthidwe nthawi yomweyo, ndipo muyang'ane mapini ake. Pini yodyeka mpaka kuoneka khosi imang'amba bushu yatsopano m'masabata ochepa. Ma U-bolt akale musawabwezeretse. Akamangidwa koyamba amatamuka pang'ono ndipo mazinga ake amapunduka, choncho akamangidwa kachiwiri sagwiranso ndi mphamvu yoyenera, ngakhale sipanala ikuonetsa ngati yalimba.

Gawo 5: Mashoko

Sipuling'i ndiyo imanyamula galimoto. Ntchito ya shoko ndi kuletsa sipuling'iyo kuti isapitirize kunjanja, kuti tayala likhale logunda pansi. Shoko yatsopano siingakweze galimoto yomwe yagwa. Kachinyezi kochepa ka mafuta pamwamba pa shoko si vuto, koma mafuta oyenderera mpaka pansi, thupi lophwanyika ndi mwala, kapena ndodo yake yachitsulo yadzimbiri, zikutanthauza kuti isinthidwe. Kukankha galimoto ndi manja kuti muone ngati ikunjanja sikuthandiza kwenikweni pa pikiapu, popeza masipuling'i ake ndi ouma. Njira yabwinopo ndi kuyenda makilomita angapo pa msewu wa mabampu, kuima, ndi kuyandikitsa dzanja mosamala pa shoko iliyonse: yogwira ntchito imakhala yofunda, ndipo yomwe yazizira pamene inzake yafunda ndi yakufa. Opanga mashoko ambiri amalangiza kuwasintha akayenda makilomita pafupifupi 80,000, ndipo pa misewu ya fumbi safika pamenepo. Sinthani awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse.

Kwa galimoto yoyenda pa tala ndi pa fumbi mwa apo ndi apo, mashoko wamba a KYB, Monroe kapena Gabriel ndi okwanira, bola akhale enieni. Yang'anani nambala yodindidwa pa thupi la shoko ngati ikufanana ndi ya pa bokosi, ndipo mtengo wotsika modabwitsa muzichita nawo mantha.

Gawo 6: Pomanga

Pa galimoto ya sipuling'i yovekedwa pa shoko, chotsani zonse pamodzi ndipo mupite nazo kwa makaniko amene ali ndi chopanira sipuling'i cholimba. Musamasule nati yapakati ya pamwamba sipuling'i isanapanidwe, chifukwa mphamvu yomwe ili mmenemo ndi yokwanira kuthyola nkhope ya munthu. Pa galimoto ya torsion bar, ikani chizindikiro pa bawuti yokwezera ndi kuyeza kutalika kwa mazinga otulukira musanamasule, ndipo kumbukirani kuti mitengoyo ili ndi zilembo L ndi R ndipo siisinthanitsidwa mbali.

Lamulo lomwe limaphwanyidwa kwambiri ndi ili: mabawuti onse odutsa mu bushu ya labala amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa, itaima pa matayala ake. Mukawamanga matayala akulendewera, labala amakhala wopotoka nthawi yonse galimoto ikatsika, ndipo bushu yomwe ikanakhala zaka imang'ambika m'miyezi. Ma U-bolt amangidwe mopingasana, pang'onopang'ono, ndi sipanala yoyeza mphamvu, motsatira chiwerengero cha m'buku la galimoto yanu.

Gawo 7: Alayimenti

Mukasintha chilichonse kutsogolo, pitani kukachita alayimenti tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo mupemphe pepala loonetsa toe, camber ndi caster (miyezo ya kaimidwe ka matayala) zisanakonzedwe ndi zitakonzedwa. Pa Hilux ya 2005 kupita mtsogolo, camber ndi caster zimakonzedwa ndi mabawuti apadera a pa mkono wapansi, omwe amakonda kugwirana ndi bushu chifukwa cha dzimbiri. Akatero, ena amangokonza toe n'kukuuzani kuti zatheka. Posintha mabushu, pakani mabawuti amenewa mankhwala oletsa kugwirana.

Gawo 8: Tsopano mukhoza kuganiza zokweza kapena zoumitsa

Yendetsani galimoto milungu ingapo ili yokonzedwa, mukugwira ntchito zanu za masiku onse. Anthu ambiri amapeza kuti chomwe ankachifunira masipuling'i ouma chinali kutopa kwa akale basi. Ngati ikugwabe kumbuyo, yambani ndi masamu. Pa kachitsulo kapena kapepala ka pa galimoto palembedwa GVM, kulemera konse komwe galimoto ikuloledwa kufika, ndipo pa pikiapu ya zitseko zinayi katundu wololedwa amakhala pakati pa makilogalamu 800 ndi 1,000, kuwerengera dalaivala, okwera, kanope ndi chitsulo chakutsogolo. Tiyerekeze kuti yanu imaloledwa makilogalamu 900: anthu 5 a makilogalamu 70 aliyense atenga kale 350, ndipo otsala 550 ndi matumba 11 okha a chimanga kapena feteleza a makilogalamu 50. Amene amasenzetsa matumba 25 pa galimoto yotere vuto lake si masipuling'i. Masipuling'i ouma amabisa kugwa kwa galimoto, koma sawonjezera mphamvu ya mabuleki, ya mabering'i, ya matayala kapena ya chesisi, ndipo GVM imakhala yomweyo. Pa mapikiapu a zitseko zinayi, mbali yaikulu ya bodi ili kumbuyo kwa ekiselo, moti katundu wolemera woikidwa kumapeto amapinda chesisi pakati pa kabini ndi bodi. Matumba olemera aziikidwa moyandikira kabini.

Masipuling'i owonjezera mphamvu, monga a Old Man Emu, Ironman 4x4, Tough Dog ndi Dobinsons, omwe ndi makampani a ku Australia, amagulitsidwa motengera katundu amene amakhala pa galimoto nthawi zonse, mwachitsanzo makilogalamu 300 kapena 500. Sankhani motengera zomwe galimoto imasenza masiku ambiri, osati ulendo umodzi wa nthawi yokolola. Sipuling'i ya makilogalamu 500 pa galimoto yoyenda yopanda kanthu imadumpha pa mabampu, matayala akumbuyo n'kumataya pansi pokhota, ndipo okwera kumbuyo amafika msana ukuwawa. Kuwonjezera chitsulo chimodzi mu sipuling'i yomwe ikadali yabwino ndi njira yovomerezeka kwa amene amasenza pafupipafupi, malinga chitsulocho chikhale chofanana m'lifupi, chiikidwe mbali zonse ziwiri, ndipo bawuti yapakati ndi ma U-bolt zikhale zatsopano ndi zotalikirapo. Kuwonjezera zitsulo zitatu kapena zinayi kumasandutsa sipuling'i kukhala chinthu chosapindika, ndipo nkhonya yonse ya msewu imapita ku chesisi. Matumba a mpweya othandizira kumbuyo ndi abwino kwa amene katundu wake amasinthasintha, koma amakankha chesisi pamalo amodzi pomwe sipanapangidwire kusenza, choncho asapopedwe kwambiri pofuna kubisa katundu wopyola muyezo.

Pa nkhani yokweza, mamilimita 40 mpaka 50 ndiwo malire anzeru pa pikiapu ya mikono kutsogolo. Mukapitirira pamenepo, ma CV joint amayenda mopindika kwambiri, malabala ake amang'ambika, ball joint yapamwamba imafika pamapeto pake, ndipo alayimenti imakana pokhapokha mutagula mikono yapamwamba ina. Kumanga bawuti ya torsion bar kuti mphuno ikwere n'kosavuta ndiponso n'kwaulere, n'chifukwa chake ambiri amapyola nako muyezo. Mukakweza kwambiri, tayala limasowa mpata wotsikira m'dzenje, galimoto imauma, ndipo mkono umamenya labala wake pa bampu iliyonse. Kwezani pang'ono, tayala lili m'mwamba, ndipo musiye mpata pakati pa mkono ndi labalayo galimoto ikatsika. Kumbukiraninso kuti galimoto yokwezedwa imapendama msanga pokhota, ndipo ekiselo yakumbuyo simakwera nayo. Mpata wa pansi pa difu (bokosi la magiya la pakati pa ekiselo) umasintha ndi kukula kwa matayala kokha.

Masipuling'i okweza amafuna mashoko a kutalika kogwirizana nawo. Kwa amene amayenda maola ambiri pa misewu ya fumbi yokhala ndi mabampu ang'onoang'ono otsatizana, monga imakhalira misewu yakumidzi m'chilimwe, shoko yonenepa yokhala ndi mafuta ambiri ndi yoyenera mtengo wake, chifukwa shoko yaing'ono imatentha, mafuta ake amachita thovu, ndipo imaleka kugwira mpaka itazizira. Pa mabushu, labala ndi wabwino pa mikono yakutsogolo popeza amameza kunjenjemera, pamene polyurethane (pulasitiki wolimbirapo kuposa labala) amayenera pa masipuling'i akumbuyo ngati mwaika mapini okhala ndi popopera girizi ndipo mudzakhaladi mukupopa. Akauma amalira ndiponso amadya pini.

Pali kanthu kamodzi komwe kamaiwalika. Ma Hilux ambiri akale, makamaka opanda ABS (njira yoletsa matayala kukwekwereza pomanga mabuleki), ali ndi valavu ya mabuleki pa chesisi pafupi ndi ekiselo yakumbuyo, yolumikizidwa ku ekiseloyo ndi kachitsulo kakatali. Valavuyi imazindikira kulemera kwa katundu poona mmene bodi yatsikira, n'kuwonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo. Mukakweza galimoto kapena kuumitsa masipuling'i, valavu imaona ngati galimoto ilibe katundu ngakhale itasenza, ndipo mabuleki akumbuyo amachepa mphamvu pa nthawi yomwe mukuwafuna kwambiri, monga potsika phiri ndi katundu. Pomwe kachitsuloko kamangidwa pa ekiselo payenera kukwezedwa mofanana ndi mmene mwakwezera galimoto. Onaninso kuti paipi ya labala ya mabuleki ndi chingwe cha handibuleki sizikukokeka ekiselo ikalendewera mpaka pansi.

Gawo 9: Masabata otsatira

Mukayenda makilomita pafupifupi 500, manganinso ma U-bolt ndi sipanala yoyeza mphamvu, chifukwa zitsulo zatsopano zimakhazikika ndipo manati amamasuka. Yang'ananinso mabawuti a mashoko ndi a shackle. Yezaninso kutalika kwa galimoto pa matayala onse anayi ndi kufananitsa ndi zomwe munalemba poyamba, ndipo ngati masipuling'i akutsogolo ndi atsopano, bwererani ku alayimenti akakhazikika. Imikani galimoto moyang'ana khoma usiku ndi kukonza nyali, popeza kusintha kutalika kwa kumbuyo kumasinthanso komwe zikuloza. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse yosintha oyilo wa injini, lowani pansi ndi tochi ndi chopopera girizi, mupope ponse pomwe pali popopera, kuphatikizapo pa propshaft (chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ya injini ku ekiselo), ndipo m'nyengo ya dzinja, mukadutsa m'madzi akuya kapena m'matope, tsukani pansi ndi kupopanso girizi osadikira tsiku la sevisi.